Kachilombo ka BK: kamaswana bwanji, ndipo kamakhala motani m'thupi zaka zambiri osadziwika?

Funso

Achimwene anga adawaika impso ya munthu wina ku India miyezi 7 yapitayo. Atawayeza mwezi watha, madokotala adapeza kachilombo kotchedwa BK m'magazi mwawo, ndipo chodabwitsa n'chakuti m'malo mowapatsa mankhwala opha kachilomboko, awachepetsera mankhwala aja oteteza impso yatsopanoyo. Akutinso mwina achimwene akhala nako kuyambira ali mwana, chikhalirecho pano ali ndi zaka 44. Kodi kachilombo kangakhale bwanji m'thupi nthawi yonseyi osadwalitsa munthu, kamaswana motani, nanga ife apabanja tiyenera kuopa?

Yankho

Zimene madokotala akuuzani n'zoona, mayi, ndipo sizikukhudza achimwene anu okha, chifukwa n'kutheka kwambiri kuti inu amene mwalemba funsoli, ngakhalenso ine amene ndikukuyankhani, tonse tili nako kachilombo komweko mu impso zathu. Chimene chasintha mwa achimwene anu ndi mphamvu imene inkakapanikiza. Kuti muone chifukwa chake madokotala achepetsa mankhwala m'malo mowonjezera, tiyenera kukayang'anitsitsa kachilomboka, mmene kadapangidwira ndi zimene kamachita kakalowa mu selo.

BK ndi kamodzi mwa tizilombo ta m'gulu la polyomavirus. Dzinali limatanthauza zotupa zambiri, ndipo lidabwera chifukwa kachilombo koyamba ka m'gululi, kamene Ludwik Gross adakapeza mu 1953, kankayambitsa zotupa zamitundumitundu akakabaya mwa tiana ta mbewa tongobadwa kumene. Mwa anthu, tiwiri toyamba tidadziwika chaka chimodzi, mu 1971. Ku London, Sylvia Gardner ndi anzake adapeza kachilombo mumkodzo wa bambo wina wa ku Sudan amene adamuika impso, ndipo adakatcha BK potengera zilembo zoyamba za dzina lake, kotero kuti kuyambira pachiyambi penipeni kachilomboka kadaonekera mwa munthu amene anali mmene alili achimwene anumu. Ku yunivesite ya Wisconsin ku America, Billie Padgett ndi anzake adapeza kena mu ubongo wa munthu amene ankadwala khansa ya Hodgkin, n'kukatcha JC. Padapita zaka 36 tikudziwa tiwiri tokhati, koma zitabwera njira zatsopano zowerengera DNA, tina tidayamba kutulukira motsatizana kuyambira mu 2007, moti lero tikudziwa toposa 12 topezeka mwa anthu. Kamodzi mwa ito kadatengera dzina la dziko lathu. MW polyomavirus kadapezeka mu 2012 ndi ofufuza a ku Washington University mumzinda wa St. Louis, m'chimbudzi cha mwana wa ku Malawi amene sankadwala konse. Kenako kadapezekanso m'mayiko ena, ndipo palibe matenda amene atsimikizika kuti kamayambitsa.

Tizilomboti n'tochepetsetsa ngakhale poyerekeza ndi tinzake, moti toposa 20,000 titandandalikidwa pamzere tingangokwana milimita imodzi. Kalikonse kali ndi chigoba cholimba chopangidwa ndi zidutswa 72, chidutswa chilichonse chili ndi mapuloteni 5 otchedwa VP1, ndipo kalibe chikuto cha mafuta chonga chimene HIV ili nacho. N'chifukwa chake HIV imafa msanga ikatuluka m'thupi pamene polyomavirus amapirira, moti JC amapezeka m'madzi a m'masuweji a mizinda ya m'mayiko ambiri. M'kati mwa chigobacho muli DNA yolumikizana kumapeto ngati chibangili, yokhala ndi zilembo pafupifupi 5,000 zokha, pamene DNA ya munthu ili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni. Zilembo zochepa choterezi zimangokwanira mapuloteni pafupifupi 6, ndipo mwa mapuloteni amenewa mulibe ngakhale imodzi yodziwa kukopera DNA. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa umphawi umenewu ndi umene ukufotokoza pafupifupi zonse zotsatira. BK ali ngati mlendo amene wafika pakhomo wopanda ufa, mphika kapena nkhuni, wangonyamula nzeru zolamulira khitchini ya eni nyumba.

Kakafika pa selo, chigoba chake chimagwira timashuga tina timene timakhala pakhungu la selolo. BK amagwira timene timatchedwa GD1b ndi GT1b, pamene JC amagwira kena kotchedwa LSTc ndipo amathandizidwa ndi malo amene selo limalandirira serotonin, imene imanyamula mauthenga pakati pa maselo. Selo limameza kachilomboko lokha, n'kukanyamulira m'chigawo chake chotchedwa endoplasmic reticulum, kumene mapuloteni a selo lomwelo, amene ntchito yawo ya masiku onse ndi kukonza mapuloteni opindika molakwika, amamasula chigoba chija. Kuchokera pamenepo DNA ya kachilomboko imalowa mu nyukiliyasi, chipinda chapakati chimene selo limasungamo DNA yake. Imalowa itakulungidwa pa mapuloteni otchedwa histone amene idatenga mu selo lomwe idachokera, ofanana ndendende ndi amene amakulunga DNA yathu, choncho makina a selo amaiwerenga ngati yakwawo.

Chibangili chija chili ndi zigawo zitatu. Pali kachigawo kakang'ono kolamulira kotchedwa NCCR, komwe sikapanga puloteni koma ndi pamene kukopera kumayambira. Kumbali ina kuli malangizo amene amawerengedwa koyambirira, ndipo kumbali inayo kuli amene amawerengedwa pambuyo pake. Oyambirirawo amapanga mapuloteni awiri, large T antigen ndi small t antigen, ndipo wamkuluyo ndiye mwini ntchito yonse. Vuto limene kachilomboka kamakumana nalo n'lakuti maselo a m'timachubu ta mu impso nthawi zambiri sagawikana, ndipo selo losagawikana limakhala litatsekera zida zake zokopera DNA. Large T amagwira puloteni ya selo yotchedwa pRb, yomwe ili ngati mabuleki oletsa selo kugawikana, n'kuimasula. Amagwiranso p53, mlonda amene akaona kuti selo layamba kuchita zosalongosoka amalilamula kuti lidziphe, n'kumutseka pakamwa. Small t amathandizira posokoneza puloteni ina yotchedwa PP2A. Zikatere selo limaganiza kuti nthawi yogawikana yakwana, ndipo limatulutsa zida zonse.

Apa ndi pamene ndimakonda kuchedwapo ndikamafotokozera ophunzira, chifukwa zimachitika mwadongosolo kwambiri. Mapuloteni 12 a large T amasonkhana pa NCCR, pamalo pamene zilembo GAGGC zabwerezedwa, n'kupanga timphete tiwiri ta mapuloteni 6 kalikonse. Timpheteti timalekanitsa zingwe ziwiri za DNA monga mmene munthu amapotolera chingwe chopota pawiri, kena n'kumalowera kumanja, kena kumanzere, ndipo m'mbuyo mwake mukubwera makina a selo otchedwa DNA polymerase akulemba zingwe zatsopano. Akakumana kuseri kwa chibangili, zibangili zimakhala ziwiri, ziwirizo zimapanga zinayi, n'kumapitirira. DNA ikachuluka, malangizo a mbali yachiwiri aja amayamba kuwerengedwa, mapuloteni a chigoba a VP1, VP2 ndi VP3 amapangidwa, ndipo tizilombo tatsopano timalumikizidwa mu nyukiliyasi momwemo mpaka imafufuma. M'maselo a impso amene amasungidwa mu labotale ulendo wonsewu umatenga masiku awiri kapena atatu, ndipo pamapeto pake selo limafa n'kutulutsa tizilombo masauzande ambiri. Zambiri mwa zimenezi tidaziphunzira pa kachilombo ka anyani kotchedwa SV40, kamene kadapezeka mu 1960 ndipo n'kachibale ka BK ndi JC.

Maselo ofufumawo amasosoka n'kutuluka ndi mkodzo, ndipo amaoneka pa maikulosikopu. Nyukiliyasi yake imakhala yaikulu, yodzaza pafupifupi selo lonse, yosalala ndiponso yachimbuuzi ngati galasi la pawindo la kubafa. Amatchedwa decoy cells, kutanthauza maselo onyenga, chifukwa woyeza wosazolowera angathe kuwayesa maselo a khansa.

Tsopano mukhoza kuona chifukwa chake palibe mankhwala opha BK. Ma ARV amagwira ntchito chifukwa HIV imabwera ndi zida zakezake, monga reverse transcriptase ndi integrase, zimene mankhwala angathe kuzithyola osakhudza kwambiri zathu. Acyclovir amathandiza pa mashingozi pa chifukwa chofananacho. BK amagwiritsa ntchito makina athu omwe, choncho mankhwala oimitsa kukopera kwake amakhudzanso selo la mwiniwake. Madokotala adayesapo cidofovir, leflunomide ndi levofloxacin, koma palibe amene adapereka zotsatira zokhutiritsa, ndipo cidofovir amawononganso impso yomwe tikufuna kuipulumutsayo.

Tibwere ku funso lanu lalikulu, la zaka 40 zija. Anthu ambiri amatenga BK ali ana, moti pofika zaka 10 ana ochuluka amakhala atakumana nako kale, mwina kudzera m'kamwa kapena m'njira ya mpweya, ndipo nthawi zambiri sadwala kapena amangodwala kachimfine kosakumbukika. Kuchokera pamenepo kamayenda ndi magazi n'kukakhazikika m'maselo a mu impso ndi a m'njira ya mkodzo. Kafukufuku amene adachitika ku Basel m'dziko la Switzerland pa anthu 400 athanzi opereka magazi, yemwe adasindikizidwa mu 2009, adapeza kuti 82 pa 100 alionse adali ndi zizindikiro za m'magazi zosonyeza kuti adatengapo BK, ndipo 58 pa 100 adatengapo JC. Chochititsa chidwi kwambiri n'chakuti pa tsiku limene ankayezedwalo, 7 pa 100 ankatulutsa BK mumkodzo ndipo 19 pa 100 ankatulutsa JC, onsewo ali bwinobwino.

Mabuku ambiri amati kachilomboka kamagona, koma ine mawu amenewa sindiwakonda kwenikweni. Kachilombo ka mashingozi ndi kamene kamagonadi m'mitsempha kwa zaka zambiri osatulutsa tinzake. Munthu mmodzi mwa asanu alionse akamatulutsa JC mumkodzo tsiku wamba, ndiye kuti penapake mu impso yake muli maselo ochepa amene akupanga tizilombo nthawi imeneyo. N'chimodzimodzi ndi moto umene amayi amaufotsera ndi phulusa madzulo: malawi palibe, nyumba siipsa, koma khala likunyeka pang'onopang'ono, ndipo m'mawa akangochotsa phulusa n'kuuzira, wayaka. M'maselo ambiri DNA ya kachilomboka imangokhala payokha mu nyukiliyasi ngati kachibangili kaja, osalumikizidwa ku DNA yathu monga imachitira HIV, ndipo apa ndi apo selo limodzi limayaka.

Phulusalo, mbali ina limathiridwa ndi kachilombo komweko. Mtundu wa BK ndi JC umene umapezeka mumkodzo wa anthu athanzi uli ndi NCCR yotchedwa archetype, imene imalola large T wochepa kwambiri kupangidwa, ndipo mtundu umenewu umavuta ngakhale kuumeretsa mu labotale. Kuwonjezera apo, kachilomboka kamapanga kachidutswa kakang'ono ka RNA (chibale cha DNA) kotchedwa microRNA, kamene kamagwira uthenga wopangira large T n'kuudula. N'zodabwitsa kuti kachilombo kamadula uthenga wa puloteni yake yofunika kwambiri, koma phindu lake likuoneka: large T akachepa, selo silifa msanga, ndiponso asilikali a m'thupi, amene amazindikira selo logwidwa poona tizidutswa ta large T pakhungu lake, amalidutsa osaliona. Kachidutswa komweko kamachepetsanso puloteni ya selo yotchedwa ULBP3, imene imaitana gulu lina la asilikali lotchedwa NK. Malo amene kadasankha amakathandizanso, chifukwa maselo a m'timachubu ta impso amatayira tizilombo kumbali ya mkodzo, kumene ma antibody a m'magazi, mapuloteni amene thupi limapanga kuti agwire tizilombo, safikako ochuluka.

Mbali ina ya phulusalo, yomwenso ndi yaikulu, ndi asilikali a m'thupi otchedwa T cells, makamaka a CD8 amene amapha maselo ogwidwa, mothandizidwa ndi a CD4 omwe dzina lawo tidalizolowera chifukwa cha HIV. Ma antibody okha sachotsa kachilombo kamene kakhazikika kale m'maselo. Amene amazimitsa selo lililonse loyaka lisanayatse anzake ndi ma T cell. Kukhalirana kumeneku n'kwakale kwambiri. JC amapatsirana makamaka pakati pa anthu okhala nyumba imodzi kwa nthawi yaitali, moti mitundu yake imatsatira madera amene anthu adachokera, ina ku Africa, ina ku Ulaya, ina ku Asia, ndipo ofufuza adaigwiritsapo ntchito polondola mmene mafuko adasamukira. Kachilombo kopha mwiniwake msanga sikakadafika pamenepa.

Mwa achimwene anu zinthu zingapo zakumana. Mankhwala monga tacrolimus ndi mycophenolate amaperekedwa dala kuti afoole ma T cell, kuopa kuti angaukire impso yachilendoyo, koma ma T cell omwewo ndi amene ankalondera BK. Impso yoikidwa imakhalanso itavulala pang'ono pa nthawi ya opaleshoni, ndipo maselo ake akamadzikonza amagawikana, zomwe ndi zimene kachilomboka kamafuna. Pali chinthu chinanso chimene mwina simudauzidwe. BK ali ndi mitundu ikuluikulu 4, ndipo chitetezo cha mtundu umodzi sichigwira mokwanira pa unzake. Kafukufuku woyerekeza DNA wasonyeza kuti nthawi zambiri kachilombo kamene kamavutitsa wolandira impso kamakhala kadabwera ndi impso yomweyo. Choncho mwina ndi kawo ka paubwana, mwinanso ndi ka amene adawapatsa impso, amene naye adakatenga ali mwana. Zimenezi si umboni wakuti wina adalakwitsa, chifukwa opereka impso ochuluka ali nako, ndipo kukanakhala kowakana onsewo bwenzi anthu ambiri akumwalira akudikira.

Kuyaka kwake kumatsata njira yodziwika. Kamayamba kuchuluka mumkodzo, zomwe zimachitikira pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu oikidwa impso. Maselo ambiri akafa ndipo makoma a timachubu akabooka, kamadutsira m'magazi, mwa anthu 10 mpaka 20 pa 100. Kakapanda kuimitsidwa, impso imayamba kutupa n'kuchita zipsera, matenda otchedwa BK nephropathy, amene amagwira pakati pa 1 ndi 10 pa 100. Kakamaswana kwambiri chonchi, NCCR ija imayamba kusokonekera, zidutswa zina kuchoka, zina kubwerezedwa, ndipo mitundu yosinthikayi imapanga large T wochuluka n'kumaswana mofulumira kuposa poyamba. N'chifukwa chake malangizo a akatswiri amati woikidwa impso aziyezedwa BK m'magazi mwezi uliwonse mpaka mwezi wa 9, kenako miyezi itatu iliyonse mpaka zaka ziwiri zitakwana. Kuti kapezeka pa mwezi wa 6 kapena wa 7 ndiye kuti kuyezako kwagwira ntchito yake. Kuchepetsa mankhwala ndi njira yobwezera mphamvu pang'ono kwa ma T cell, yokwanira kuzimitsa kachilomboko koma yosafika poti aukire impso, ndipo mwa odwala ambiri amene apezeka nako msanga, kamachepa m'magazi pakapita masabata kapena miyezi.

Mnzake wa BK, JC uja, ndi amene amatikhudza kwambiri kuno kwathu chifukwa cha HIV, ndipo nkhani yake ikutsimikizira mfundo yomweyi. Ma CD4 akatsika kwambiri, JC amene NCCR yake yasinthika amatha kulowa mu ubongo n'kupha maselo otchedwa oligodendrocyte, amene amapanga chokutira mitsempha chonga pulasitiki ya pa waya wamagetsi. Matendawa amatchedwa PML, ndipo adafotokozedwa koyamba mu 1958, kachilombo kake kasanadziwike. Wodwala amafooka mbali imodzi, lilime limalemera, maso saona bwino, ndipo achibale amaganiza kuti ndi sitiroko, kungoti sitiroko imagwa tsiku limodzi pamene PML imakulirakulira kwa masabata. Ma ARV amphamvu asanabwere, ku Ulaya ndi ku America matendawa ankagwira odwala Edzi pafupifupi 3 mpaka 5 pa 100, ndipo ambiri ankamwalira m'miyezi yochepa. Mpaka lero chithandizo chake chachikulu ndi ma ARV, amene sakhudza JC ngakhale pang'ono koma amabwezeretsa asilikali. Mu 2005 mankhwala a matenda a mitsempha a multiple sclerosis otchedwa natalizumab, amene amaletsa ma T cell kulowa mu ubongo, adayamba aimitsidwa kaye anthu atatu atadwala PML.

Poti dzina la gululi limatchula zotupa, ndinenepo mwachidule za khansa. Kamene katsimikizika bwino mwa anthu ndi Merkel cell polyomavirus, kamene kadapezeka mu 2008 ku yunivesite ya Pittsburgh ndi gulu la Yuan Chang ndi Patrick Moore, omwe aja adapezanso kachilombo koyambitsa khansa ya Kaposi mu 1994. Kachilomboka kali pakhungu la anthu ambiri athanzi, ndipo khansa imabwera pokhapokha ngozi ziwiri zikakumana: DNA yake ikalumikizika ku DNA ya selo, ndiponso large T akaduka n'kutaya mbali yokopera koma n'kutsala ndi mbali yomasula mabuleki. Zikatero kachilomboko sikangaswanenso, koma selo limangogawikana osaleka. Kamapezeka m'zotupa pafupifupi 8 mwa 10 za khansa ya pakhungu yotchedwa Merkel cell, yomwe ndi yosowa kwambiri.

Za inu apabanja, palibe chifukwa chowapatulira achimwene anu mbale, kapu kapena chimbudzi, chifukwa akuluakulu nonse mwina mudakumana nako kalekale ndipo chitetezo chanu chikukapanikiza. Chimene mungawathandize nacho ndi kusamala manambala. Mufunse ngati kachilomboko akapeza m'magazi kapena mumkodzo mokha, popeza za mumkodzo paokha sizinena zambiri, ndipo mufunsenso kuchuluka kwake pa mililita imodzi. Kakapitirira 10,000 m'magazi, madokotala amayamba kuganiza kuti impso yakhudzidwa ngakhale asanadule kachidutswa kokayeza. Zotsatira za mwezi uliwonse muzizilemba m'kope limodzi pamodzi ndi za creatinine, imene imasonyeza mmene impso ikugwirira ntchito, ndi mlingo wa tacrolimus, chifukwa kumene nambala ikulowera kumanena zambiri kuposa nambala ya tsiku limodzi. Ngati n'kotheka aziyezetsa pa labotale imodzi, popeza malabotale osiyana amatha kupereka manambala osiyana pa magazi omwewo. Asasinthe mlingo wa mankhwala paokha, kaya kuchepetsa poopa kachilombo kapena kubwerera ku mlingo wakale poopa kutaya impso, ndipo ngati abwerera kale kumudzi kuno, agwirizane ndi madokotala amene adawachita opaleshoni komanso a kuno za kumene magazi awo azikayezedwa mwezi wamawa.